Kodi khanda amaliyeza bwanji magazi kuti apeze matenda otengera kwa makolo?

Amake Tiyamike, Mchini

Muli bwanji nonse. Ine ndimakhala ku Mchini kuno ku Chipata, ndimagulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Kapata. Ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri koma mtima suli m'malo, ndiye ndati ndifunse kuno mwina pali wodziwa za ku labu.

Mwana wanga woyamba, Tiyamike, ali bwinobwino, ali giredi 2. Wachiwiri anali wamwamuna. Anabadwa wonenepa, analira, anayamwa, tinatuluka m'chipatala tikuseka. Sabata isanathe anayamba kusanza akangoyamwa. Maso anachita chikasu, kenako thupi lonse. Anangokhala wogonagona, ukamudzutsa amakoka bere pang'ono n'kusiya. Tinathamanga naye, anamugoneka pansi pa nyale ija ya buluu, anamubaya majakisoni, anamuikanso magazi chifukwa anati achepa. Kamimba kanatupa, ndipo pamene abaya magazi sanali kuleka msanga. Anatisiya asanakwane masabata atatu.

Pa kalata analemba kuti majeremusi analowa m'magazi. Koma dokotala wina wachitsikana anandiitanira pambali. Anati chiwindi cha mwanayo chinawonongeka mofulumira kwambiri, mwina anabadwa ndi vuto lakuti thupi lake silikwanitsa kugaya chinachake cha mu mkaka. Anati ndikadzaimanso ndidzanene msanga kuti mwana akadzabadwa adzamuyeze magazi. Dzina la matendawo anatchula, koma tsiku lotero mutu ungagwire chiyani?

Kumudzi ku Chadiza nkhani inapita kwina. Apongozi anati ndi tsempho, bambo a mwana anayenda panja ine ndili m'chikuta. Ena anati mkaka wanga ndi woipa. Ankhoswe anakhala pansi, amuna anga anakana mpaka misozi, ndipo mpaka lero nkhaniyi m'nyumba sitiikhudza. Ndinenenso ichi: ine ndi amuna anga ndife asuweni, amayi anga ndi atate awo ndi mimba imodzi. Kwathu zimenezi si zachilendo.

Manje funso langa ndi ili. Kuyeza kumene ananena dokotala kuja ndi kotani? Kodi ndi kuja amabaya mwana pachidendene n'kudontheza magazi pakapepala, kumene ndimaona ku kiliniki kwa ana a amayi omwe amamwa ma ARV? Amayeza mwana ali ndi masiku angati? Nanga akabadwa ndimuyamwitse kapena ayi? Ku sikelo ndimapita, koma anthu amakhala ambiri, anasi amathamanga, ndiye ndimachita manyazi kuyamba nkhani yaitali.

Wa ku Labu, Chipata

Amake Tiyamike, pepani kwambiri ndi zimene munaona. Ine ntchito yanga ndi ya mu labu ya chipatala, sindine dokotala, choncho sindinganene kuti mwana wanu chinamutenga ndi chakuti. Koma za magazi ndi kayezedwe kake ndikuuzani.

Thupi la munthu lili ngati chigayo chokhala ndi makina ambiri ondondozana. Chakudya chimalowa, makina oyamba amaphwanya, achiwiri amalandira, mpaka ufa utuluke. Makinawo madokotala amawatcha ma enzyme. Mwana wina amabadwa makina amodzi ali akufa, ndiye zimene anayenera kugaya zimangounjikana pamenepo mpaka zisanduke poizoni ku chiwindi kapena ku ubongo. Ali m'mimba, thupi la mayi limamuchotsera zinyalala zambiri, n'chifukwa chake amabadwa wooneka bwino. Vuto limayamba akayamba kudya yekha. Izi n'zimene zimasokoneza makolo: mwana watuluka m'chipatala wathanzi, patapita masiku ochepa wafooka, ndiye anthu amafunafuna amene walakwa pakhomo.

Zimene mwafotokozazo zikufanana ndi matenda otchedwa galactosaemia, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi dzina lomwe dokotala uja anatchula. Mu mkaka uliwonse, wa m'mawere ngakhale wa ng'ombe, muli shuga wotchedwa lactose. M'matumbo amagawika pawiri, glucose ndi galactose. Mwana wa matendawa sakwanitsa kugaya galactose. Amasanza, amachita chikasu, chiwindi chimatupa, magazi sagwirana msanga, ena amachita ng'ala m'maso. Ana otere amagwidwanso mosavuta ndi jeremusi yotchedwa E. coli. Choncho zimene analemba pa kalata ndi zimene anakunong'onezani dokotala sizikutsutsana, zonse ziwiri zingakhale zoona pa mwana mmodzi. Ndipo ngati ndi matendawa, mkaka wanu si woipa. Tiyamike anakula ndi mkaka womwewo.

Alipo ena a gulu lomweli. Wina ndi PKU, pamene thupi silikwanitsa kugaya phenylalanine, kachigawo ka mapuloteni. Ameneyu sapha msanga, amawononga ubongo mwakachetechete. Anaupeza ndi dokotala wa ku Norway, Asbjørn Følling, mu 1934, atayeza mkodzo wa ana awiri a mayi mmodzi. Wina amanunkhitsa mkodzo wa khanda ngati shuga wopserera. Ena amachititsa kuti amoniya, chinyalala chotsalira thupi likagaya mapuloteni, achuluke m'magazi, mwana n'kumapuma mofulumira, kenako kukomoka. Aliyense payekha ndi wosowa, koma alipo mazanamazana, ndiye ukawaphatikiza sakhala ochepa.

Tsopano za kapepala kaja. Mwaona bwino, njira yotengera magazi ndi yomweyo imene ku kiliniki timati DBS. Amabaya m'mbali mwa chidendene, madontho amagwera m'timizere tozungulira pakapepala kapadera, kapepalako kamauma n'kutumizidwa. Njira imeneyi anayambitsa ndi Robert Guthrie wa ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anaiyambitsira PKU yomweyo, za HIV zinabwera pambuyo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 pali makina otchedwa tandem mass spectrometer amene pa dontho limodzi louma amatha kufufuza matenda makumi angapo nthawi imodzi. Koma samalani apa: kapepala n'kofanana, funso lomwe labu yafunsidwa n'losiyana. DBS ya ku kiliniki imayezedwa HIV basi. Mayi asaganize kuti popeza mwana anabayidwa pachidendene ndiye kuti anamuona zonse.

Ku maiko monga Britain khanda lililonse amalibaya pa tsiku la 5, ku America patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Amadikira pang'ono kuti mwana ayambe wadya, chifukwa matenda ena saoneka m'magazi chakudya chisanalowe. Kuno kwathu kuyeza kotere sikuchitidwa kwa khanda lililonse. Kumachitika dokotala akakayikira, kapena banja likakhala ndi mbiri ngati yanu. Ndiye amene amayambitsa nkhani ndi kholo.

Kuyezaku kuli pawiri. Pali zoyamba zimene chipatala chachikulu chimachita tsiku lomwelo: shuga wa m'magazi, kuchuluka kwa chikasu, kagwiridwe ntchito ka chiwindi, kuwerenga maselo a magazi, ndi kuona ngati muli majeremusi. Pa khanda, shuga akatsika kupitirira 2.6 pa makina oyezera timathamanga. Palinso kuyeza kwakale kwa mkodzo ndi mankhwala a Benedict. Mkodzo ukasintha mtundu kusonyeza kuti muli shuga, koma kapepala koyezera glucose n'kukana, timaganizira galactose. Kumeneko n'kungoloza njira chabe, sikutsimikiza, ndipo mwana amene wasiya kuyamwa ali pa diripi mkodzo wake ungaoneke woyera. Zachiwiri ndi zapadera: kuyeza enzyme yeniyeniyo m'maselo ofiira, kuyeza ma amino acid (tizigawo ta mapuloteni), kuyeza majini (malangizo a thupi amene mwana amatengera kwa makolo). Zimenezi kawirikawiri magazi amatumizidwa kunja, makamaka ku South Africa, kumene kuli malabu monga ya ku North-West University ku Potchefstroom.

Chimene ndikufuna musaiwale pa zonsezi ndi ichi: magazi atengedwe mwana asanaikidwe magazi a munthu wina. Enzyme ya galactosaemia timaiyeza m'maselo ofiira. Mwana akangoikidwa magazi, timakhala tikuyeza maselo a amene anapereka, ndipo zotsatira zimabwera zonena kuti ali bwino pamene sali bwino. Selo lofiira limakhala masiku pafupifupi 120, ndiye pamafunika kudikira miyezi itatu kapena inayi kuti tiyezenso. Mwana wanu uja ataikidwa magazi, ngakhale akanafuna kuyeza, yankho likanasokonekera. Sindikunena kuti analakwa kumuika, mwana akamafa umapulumutsa moyo kaye. Koma kutenga madontho ochepa pakapepala botolo lisanapachikidwe ndi ntchito ya mphindi zochepa, bola wina akumbukire. Usiku mu wodi ya ana, nasi mmodzi makanda ambirimbiri, wokumbukira amakhala mayi.

Atate ake Dalitso, Katete

Alongo anga amake Tiyamike, ine ndiyankhako za tsempho, chifukwa mlandu umenewo unandigwerapo.

Wathu ndi sickle cell, matenda otengera amene amapinda maselo ofiira a magazi. A ku labu andikonza ngati si gulu limodzi ndi zimene afotokozazo, koma katengedwe kake n'kamodzi. Dalitso anali bwino mpaka miyezi isanu ndi umodzi, kenako timanja ndi timapazi tinayamba kutupa, kulira usiku wonse. Azilamu anga anandiloza chala, ati ndinamusempha. Ine ndimayendetsa njinga yamoto, ndiye mukudziwa mmene anthu amationera. Ku chipatala cha St Francis atamuyeza anatiyezanso tonse awiri, ine ndi amake. Anapeza kuti aliyense wa ife ali ndi theka la matendawo, ngakhale palibe amene anadwalapo. Anatijambulira papepala timabokosi tinayi. Pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi kuti mwana atenge mbali yoipa kwa bambo ndi kwa mayi n'kudwala, iwiri mwa inayi kuti akhale wonyamula chabe ngati ife, umodzi mwa inayi kuti asatenge chilichonse.

Chimene ndinachedwa kumvetsa n'chakuti mimba sizikumbukirana. Sikuti mukataya mmodzi ndiye atatu otsatira ndi otetezeka. Mimba iliyonse imayamba payokha. Ife pambuyo pa Dalitso tinabereka mtsikana wopanda vuto, koma ndikudziwa banja lina kumene anadwala awiri otsatizana.

Pepala lija ndinapita nalo kwa atsibweni a mkazi wanga, ndinaliyala pamphasa. Sananene kuti pepani, akuluakulu sapepesa mkamwini, koma nkhani inathera pomwepo. Ndiye langizo langa, tengani amuna anu popita kwa dokotala. Asamve kwa inu, amve okha. Mwamuna amene wakhala akunenedwa kuti anapha mwana wake amafunika kumva zimenezi kuposa wina aliyense.

Za sickle cell, boma linayamba kuyeza makanda mu 2021 mothandizana ndi bungwe la madokotala a magazi la ku America, ku chipatala cha UTH ku Lusaka ndi ku chipatala cha ana cha Arthur Davison ku Ndola, ndipo ndi kapepala ka pachidendene komweko. Popeza adzakhala akumubaya kale, pemphani amuonenso imeneyi. Dalitso akanadziwika ali khanda akanayamba penisilini ndi folic acid msanga, sitikanazungulira kwa asing'anga mpaka kugulitsa mbuzi.

aNabanda, Sinda

Ine ndalembetsa mdzukulu wanga, maso anga pafoni saona bwino.

Mwana wanga amake Tiyamike, pepa. Koma inu a ku labu, mukundiopsa. Mukufuna kunena kuti mwana asayamwe? Chitini cha mkaka mukudziwa mtengo wake? Munthu wogulitsa tomato adzagula zingati pamwezi? Nanga madzi osungunulira, a pachitsime? Ine ndaona makanda ambiri akupita ndi kutsegula m'mimba chifukwa cha botolo, kuposa amene mukunenawo. Anasi omwewo ndi amene akhala akutiimbira nyimbo ya bere lokha miyezi isanu ndi umodzi.

Za chisuweni nazonso musatichititse manyazi. Amayi anga ndi atate anga anali asuweni, tinabadwa asanu ndi atatu, tinakula asanu ndi awiri. Makolo ankafuna chuma ndi minda zisapite kutali, ndiponso mwana wako akakwatiwe kwa anthu amene ukuwadziwa khalidwe. Za tsempho sindilimbikira. Malamulo aja ankasunga amuna pakhomo mkazi ali ndi khanda, ndipo ntchito imeneyo ankaigwira ndithu. Koma kuti mwamuna alire pamaso pa ankhoswe pa chinthu chomwe sanachite, zimenezo sizabwino. Apongozi akowo ndi akazi a atsibweni ako, ukanawatumira amayi ako akalankhule nawo pachilamu.

Sisita wopuma pantchito, Kalongwezi

ANabanda, mwanena zoona pa bere, ndipo ndikufuna aliyense wowerenga pano amve bwino. Palibe mayi amene ayenera kusiya kuyamwitsa chifukwa cha zimene wawerenga pafoni. Matenda amene a ku labu atchula ndi amodzi mwa ochepa kwambiri amene amaletsa bere, ndipo woletsa ndi dokotala. Akatsimikiza kuti ndi galactosaemia, mwana amapatsidwa mkaka wa m'chitini wa soya wopangira makanda. Si mkaka wa ng'ombe, si wa mbuzi, si phala la soya lopera pakhomo, ndipo si wa m'chitini wamba chifukwa nawonso uli ndi lactose.

Ine ndagwira ntchito ya uzamba zaka zambiri, ndiye ndiwakokeko pang'ono a ku labu. Iwo amaona magazi, ife timaona mwana. Makanda ambiri amene amasiya kuyamwa n'kufooka sabata yoyamba amakhala ndi majeremusi wamba olowera pamchombo kapena pobadwa. Chikasu nachonso chili ndi zoyambitsa zambiri. Pali kusagwirizana kwa gulu la magazi a mayi ndi a mwana, n'chifukwa chake amake Tiyamike muone pa kadi lanu la sikelo ngati analemba gulu lanu, makamaka ngati lili negative kapena O. Palinso vuto lina lotengera lomwe n'lofala kwambiri kuno ku Africa kuposa galactosaemia, lotchedwa G6PD. Limakonda ana aamuna chifukwa limadzera kwa mayi. Maselo ofiira amasweka mwana akakumana ndi zinthu zina, ndipo chimodzi mwa izo ndi timibulu toyera tonunkha tija timaika m'sutikesi kuthamangitsa njenjete. Mwagula tizovala ta salaula, mwasunga m'sutikesi ndi timibulu timeneto kudikira mwana. Chotsani, chapani zonse, yanikani padzuwa. Wanu uja anali wamwamuna, anachita chikasu, magazi anachepa, ndiye imeneyinso dokotala aiganizire. Nayonso siyezeka bwino mwana akangoikidwa magazi.

Mwati mumachita manyazi ku sikelo. Mwana wanga, manyazi amenewo asiyeni pakhomo. Mukapitanso musadikire kufunsidwa. Mukangokhala pampando nenani kuti ndinataya khanda la masabata awiri ndi chikasu ndi kutupa chiwindi, dokotala anati mwina n'zotengera. Mawu amenewo okha amakusamutsani mzere. Pemphani alembe pa kadi, ndipo pemphani kalata yoti mukaonane ndi dokotala wa ana ku Chipata Central musanachire. Mukachirire kuchipatala chachikulu komwe kuli wodi ya makanda, osati pakhomo. Ngati muli ndi kalata iliyonse ya mwana uja, ngakhale yong'ambika, pitani nayo.

Mwana akabadwa, amayi ena amadikira tsiku la 6 kapena sabata ya 6 kuti abwerere ku kiliniki. Inu musawerenge masiku. Mukaona chimodzi mwa izi nyamukani, kaya ndi pakati pa usiku: wasiya kuyamwa, akusanza chilichonse, sakudzuka, akupuma mofulumira kufika 60 pa mphindi, thupi latentha kapena lazizira, akugwedezeka, chikasu chaoneka tsiku loyamba kapena chafika m'manja ndi kumapazi. Chikasu muzichiona pa kuwala kwa dzuwa, osati pa babu ya m'nyumba, ndipo kumuwotcha padzuwa la m'mawa sikuchiza chikasu chachikulu.

Amake Tiyamike, Mchini

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri. Amuna anga ndawapatsa foni awerenge zimene alemba atate ake Dalitso. Sanayankhe kanthu, koma afunsa kuti sikelo ndi liti. Timibulu tija tinalimodi m'sutikesi, Sisita, ndataya.

A ku Labu, ndifunsenso. Ngati magazi akupita mpaka ku South Africa, yankho lisanabwere mwana adzakhala akudya chiyani? Uja anayamba kudwala sabata isanathe. Ndiponso kodi ife makolo sangatiyeze panopa kuti tidziwiretu? Nanga zoti ndife asuweni, ndiye kuti ana athu onse adzakhala otere?

Wa ku Labu, Chipata

Sisita anena zoona, ndipo ndavomera kukokedwa. Nthawi zambiri khanda lofooka limakhala ndi majeremusi, n'chifukwa chake mankhwala amayamba pomwepo osadikira labu. Changa n'chakuti pamene akuchiza zofalazo, wina asunge madontho a magazi kuti zosowazo zisatipite.

Funso lanu loyamba ndi lomwe likufunika dokotala wa ana mwana asanabadwe. Banja likakhala ndi mbiri yolimba ya galactosaemia, madokotala amatha kuyamba khanda pa mkaka wa soya kuyambira tsiku loyamba, mayi n'kumafinya mkaka wake kuti usaume, mpaka yankho lifike. Likabwera labwino mwana amabwerera ku bere. Ubwino wa matenda amenewa pa kayezedwe n'ngwakuti enzyme imayezeka ngakhale mwana asanalawe mkaka, ngakhale m'magazi a mu mchombo atangobadwa. Koma kwa inu matenda a mwana uja sanatsimikizidwe, ndiye dokotala adzayeza mbali zonse: mbiri yanu, madzi amene muli nawo pakhomo, thumba lanu, ndi nthawi imene yankho lingatenge. Angasankhenso kuti mwana ayamwe koma akhale m'chipatala masiku oyamba akumuona chikasu, shuga ndi chiwindi. Zonsezi zimafuna kukonzeratu. Mukafika pa tsiku lobereka ndi nkhani yatsopano, Loweruka usiku, palibe chimene chingakonzeke.

Makolo amayezeka. Munthu wonyamula galactosaemia amakhala ndi enzyme pafupifupi theka la ya munthu wina, ndipo majini amayezekanso. Mwa anthu akuda a kum'mwera kwa Africa kusintha kwa jini kumene kumapezeka kwambiri kumatchedwa S135L, kosiyana ndi komwe kumapezeka kwambiri mwa azungu. Lembani dzina limenelo pakapepala mukamuonetse dokotala, kuti labu yomwe adzatumizeko ikafufuze koyenera. Mukadali ndi masabata angapo, ndiye funsani tsopano. Nonse awiri mukapezeka onyamula, dokotala adzadziwa chochita mwana akangotuluka. Mmodzi akapezeka alibe, maso adzatembenukira ku zina zimene Sisita atchula.

Za chisuweni, aNabanda asadandaule, palibe amene akunyoza makolo. Munthu aliyense amanyamula majini angapo olakwika osadziwa. Asuweni ali ndi agogo amodzi, ndiye mwayi woti onse awiri anyamule cholakwika chofanana umakwera. Mwa ana 100 a makolo osakhala pachibale, pafupifupi atatu amabadwa ndi vuto lalikulu la chibadwa. Kwa asuweni chiwerengerocho chimafika pa asanu kapena asanu ndi mmodzi. Ndiye ambiri amabadwa bwino, monga aNabanda ndi abale awo. Kungoti banja likataya kale khanda mwanjira yokayikitsa, sitiwerengeranso pa 100 paja, timawerengera pa timabokosi tinayi ta atate ake Dalitso. Ngakhale pamenepo, mwayi utatu mwa inayi ndi wakuti mwana amene mwanyamulayo alibe matendawa. Dokotala mukamuuze za chisuwenicho poyera, ndipo funsani amayi anu ngati m'banja mwa agogo munatayikapo makanda ena m'masabata oyamba. Azimayi akuluakulu amakumbukira zimenezi ngakhale sazikamba.

Pa tsiku lotenga magazi yang'anirani izi. Timizere tozungulira tidzaze mpaka magazi aonekere kuseri kwa pepala, dontho limodzi lalikulu pa kamzere kalikonse, osati kudontheza pamwamba pa dontho lina. Kapepala kaume pamthunzi, kogonekedwa, maola osachepera atatu, kasanalowe m'pulasitiki. Kutentha ndi chinyezi zimapha enzyme, ndiye kapepala kosiyidwa pawindo mwezi wa Okutobala kapena kotsekeredwa konyowa nthawi ya dzinja kangapereke yankho labodza lakuti mwana akudwala. Pafomu alembe tsiku ndi ola lobadwa, mkaka umene akudya, ndiponso ngati anaikidwa magazi. Kuchoka kuno kufika ku Lusaka ndi makilomita opitirira 550, ndipo magazi ena sangayende ulendo wotere: a amoniya amafunika kuikidwa pa ayisi n'kuyezedwa mkati mwa theka la ola, choncho amayezedwa pomwe mwana ali.

Kuyeza kotumiza kunja kumafuna ndalama, ndiye funsani mtengo panopa kuti muyambe kusunga, ndipo ngati muli ndi kadi la NHIMA, inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, funsani chimene lingalipire. Musachoke osatenga nambala ya sampulo ndi dzina la labu komwe yapita, ndipo pafomu pakhale manambala a foni awiri, yanu ndi ya amuna anu. Yankho loyamba likanena kuti pali vuto, amayezanso kachiwiri kuti atsimikize, koma chakudya cha mwana amasintha tsiku lomwelo osadikira lachiwirilo.